Mphuno Imene Idandichotsa Pabanja

Mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, ndi namwino ku Lilongwe. Adabwera kuno chaka chatha nthawi yokumba mbatatesi, ndipo tili pakhonde kusankhula yowola pa yabwino adayamba kundifotokozera za mphuno. Nkhani idachokera pa matenda aja adasautsa dziko lonse, amene anthu ena akachira ankapezeka kuti sakumvanso fungo. Adati m'kati mwa mphuno, kumtunda kwenikweni, muli kamnofu kamene kamagwira fungo, ndipo timitsempha take tikafa kapena kuduka, pansi pake pamakhala timbewu tina timene timaphuka n'kusanduka timitsempha tatsopano. Adatinso madokotala akunja akuyesera pa mbewa, kutenga timbewu totere kwina n'kukatiika m'mphuno imene idafa kuti aone ngati tingamere.

"Kuwokera?" ndidamufunsa.

"Eya amayi, monga mumachitira ndi mbande za kabichi."

Ine sindifulumira kukhulupirira zinthu, makamaka zotuluka m'kamwa mwa anthu ovala zoyera. Ndidangoti mbewa zimene ife timadyera nsima kwinaku zikulandira chithandizo cha mphuno, dziko ili lapita. Koma mwanayo adawonjezera mawu amene adandiimitsa manja. Adati timitsempha tikamaphuka kumene timasochera njira, ndiye munthu amayamba wamva fungo lolakwika, chonunkhira n'kumachimva chonunkha, ndipo kawirikawiri zikatero ndiye kuti mphuno ikudzuka.

"Iwe ukundiphunzitsa ine za mphuno?"

Adaseka, kuyesa ndikumucheza. Sakumbuka kanthu. Adali wamng'ono, ndipo pakhomo pano palibe adamuuzapo, ngakhale bambo ake mpaka adalowa m'manda.

Ine kwathu ndi ku Linthipe, pafupi ndi msika. Mayi anga ankaphika chakudya chogulitsa kwa anthu a malole ndi a mabasi, ndiye ndidakula ndikudziwa kuti ndiwo zimayamba ndi timafuta, anyezi, kenako tomato. Ndidakwatiwa kumudzi wina kunsi kwa phiri la Chongoni, kubanja la Angoni. Ukwati tidadalitsa m'tchalitchi, koma ng'ombe zidali zitayenda kale kupita kwathu, ndipo tanthauzo la ng'ombezo aliyense ankalidziwa. Ine ndizikhala kwa amuna anga, ndipo ana amene ndidzabereke ndi a pamudzi pamenepo. Sindidaone vuto pa nthawiyo, poti munthu ukamakwatiwa suganiza za tsiku lochoka.

Apongozi anga onse awiri adali atamwalira. Amene ankalamula pakhomo adali alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga, amene banja lawo lidatha n'kubwerera kumudzi. Ine ndi iwo sitidamwerane madzi chiyambire. Iwo ndiwo zawo zinkakhala zowiritsa, za chidulo kapena zotendera, ndipo sindikunyoza, nkhwani wotendera ankaudziwa. Koma ine ndikangoti anyezi m'mafuta chwee, ndinkamva mawu kuseri kwa nkhokwe.

"Utsi wa ku Linthipe uja wayamba. Mlongo wangayo mumumaliza ndi mafuta, mlamu."

Amuna anga ankanyambita zala, ndiye ine ndinkangoti lankhulani, pakamwa m'panu. Kudimba ndidadzala bedi lonse la anyezi kuti ndisamagule.

Ngozi idachitika tili ndi ana awiri, mtsikana uyu wa unamwino ndi kamnyamata kakhanda. Masiku amenewo pamsika sunkalowa wopanda khadi la chipani. Anyamata a malaya ofiira ankaima polowera, ndipo wopanda khadi ankabwezedwa, mwinanso kulandidwa katundu. Khadi la amuna anga lidachapidwa limodzi ndi malaya n'kusanduka phala. Wochapa ndidali ine, sindikana, koma munthu wamkulu amasiya bwanji khadi m'thumba la malaya akuda n'kuwaponya mumtanga? Iwo adali ndi thumba la mbatatesi loti akagulitse, ndiye m'malo modzera msewu adatsika kanjira ka m'phiri kuti akalowere kuseri kwa msika. Pamtsetse mabuleki a njinga adakana. Adagwa chagada, nkhongo pamwala, ndipo amayi otola nkhuni ndiwo adawapeza.

Adagona kuchipatala cha mishoni ku Kasina. Poyamba sankazindikira munthu, kenako adatsitsimuka, adayamba kuyenda, tidabwera nawo kumudzi. Anthu odzazonda tinkangowauza kuti adagwa panjinga. Chifukwa chodzera kanjira kameneko sitinkachitchula, poti nthawi imeneyo ngakhale mnansi wako sunkadziwa kuti khutu lake likumvera yani.

Za mphuno tidazindikira m'nyengo yachisanu. M'mawa wina nkhungu itakuta phiri lonse, iwo adakhala m'khitchini kuwotha moto atafunda bulangete. Ine ndinkasinja panja, ndipo ndidamva fungo la nsalu yopsa. Nditalowa ndidapeza ngodya ya bulangete ikunyeka kumsana kwawo, utsi uli tolo, iwo ali phee kuyang'ana pakhomo. Nditazimitsa ndidawafunsa ngati sadamve. Adati kumva chiyani. Ndidatenga sopo kuwaika pamphuno, palibe. Parafini wa m'koloboyi, palibe. Thewera la mwana lomwe, adangolipenya ngati ndawapatsa duku.

Pamenepo ndiye adaulula kuti chibwerere kuchipatala chakudya sichiwakomera. Mchere ankaumva, tsabola ankamumva kuwawa, koma zina zonse ati zidali ngati akutafuna chiguduli. Tidabwerera ku Kasina. Asisitere achizungu okalamba, a Chichewa chopindika, adawagwira mutu n'kuwayang'ana m'mphuno ndi katochi.

"Mtsempha wa fungo unaduka pamene mutu unagunda mwala," adatero. "Kwa ena umaphukanso, kwa ena ayi. Mankhwala palibe. Dikirani."

Tidafika kumudzi manja ali lende, wopanda ndi piritsi limodzi lomwe. Alamu anga atamva adagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Matenda amene achipatala alibe mankhwala ake ndi matenda a kumudzi konkuno," adatero, maso ali pa ine.

Zotsatira zake sadanene pamaso panga. Adakazinena kuchitsime, ndipo zidandipeza ndi amayi ena amene ankabwera ngati odzandimvera chisoni koma maso ali m'miphika yanga. Ati khadi adachapa ndani? Ati munthu akagwa panjinga amathyoka mwendo kapena mkono, zofa mphuno tidazionera kuti? Ati mkazi wofuna kudyetsa mwamuna khuzumule, mankhwala aja ofooketsa bambo kuti azingovomera zilizonse pakhomo, amayamba wamutseka mphuno kuti asamve fungo lake m'ndiwo. Nkhani yake idali yosokedwa bwino, yopanda poboola, mwakuti ndikadakhala munthu wapadera ndikadaikhulupirira.

Nanenso ndidali ndi maganizo anga. Padali mayi wina wamasiye, mnzawo wa alamu, amene adayamba kubwerabwera kudzathandiza kutonola chimanga chimene palibe adamupempha. Ndinkamuona akupereka moni kwa amuna anga atagwada mpaka chigongono pansi. Ndidati ehe, galu wamkota sakandira pachabe. Pamudzi padasanduka poyang'anana. Iwo ankayang'ana manja anga ndikamathira mchere, ine ndinkayang'ana mapazi awo akadutsa pafupi ndi khitchini yanga. Lamulungu tonse tinkapita ku Misa, kugwada benchi limodzi, n'kubwerera njira imodzi osalankhulana.

Amuna anga pa nthawiyo sadalowerere. Adali munthu wofatsa, wosakonda phokoso, ndipo kufatsa kumeneko ndinkakuyesa ubwino. Ankadya zimene ndapereka mosakondwa, n'kumaonda.

Tidakolola, tidasosa, mvula idagwa, tidadzala. Tsiku lina mnansi adapha mbuzi imene idathyoka mwendo, ndipo ndidapezako kanyama. Ndidati lero bambowa adye, kaya amva kukoma kaya samva. Ndidatsuka mphika, mafuta, anyezi wambiri. Iwo adali pakhonde kusula khasu. Ndidangomva khasu lagwa, munthu akuthamangira kuseri kwa nyumba. Ndidawapeza atagwira mtengo wa pichesi akusanza.

"Mwaika chiyani mumphikamo?" adandifunsa, misozi ili m'maso.

"Nyama ya mbuzi. Bwanji?"

"Mukununkha galu wakufa. Galu wowola amene wina wamuthira parafini n'kumuyatsa."

Mtima wanga udayamba wadumpha ndi chimwemwe, poti munthu amene sadamve fungo pafupifupi chaka chathunthu adali atamva kanthu. Koma nditacheuka ndidaona alamu ataima pakona pa nyumba, manja m'chiuno, ndipo chimwemwe chija chidathera pomwepo. Adalowa m'khitchini mwanga osaodira, adavundukula mphika, adanunkhiza. Adaitana amayi awiri apafupi, nawonso adanunkhiza. Onse adavomereza kuti ndi nyama yabwinobwino, yonunkhira.

"Mwaona?" adatero alamu. "Ife sitikumva kanthu chifukwa sadatiikire ife. Mwini wake amene adamuikira ndiye akumva. Mulungu wamutsegula mphuno kuti aone chimene wakhala akudya."

Madzulo amenewo amuna anga adakadya kwa mlongo wawo, nyemba zowiritsa ndi chigwada. Adadya n'kumaliza, osasanza. Mawa lake chimodzimodzi. Amene sadakwatiwe kumudzi sangadziwe kulemera kwa chinthu chimenechi. Mwamuna kudutsa pakhomo pa mkazi wake, kusamba m'manja kunyumba ina dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona, ndi kukuvula pagulu.

Ine ndidatsimikiza kuti wina wandichita chipongwe. Ndidafukula pansi pa mafuwa kufuna chimene adakwirira. Ndidasesa khitchini mpaka kudenga, ndidazira pansi ndi dothi latsopano, ndidawaza madzi odalitsa. Miphika yakale ndidaisiya, ndidakagula watsopano, ndipo ndikapita kumunda ndinkautsekera m'chipinda chogona. Madzi ndinkatunga ndekha, nkhuni zanga ndinkaziwerenga ndi maso. Ndipo pofuna kubweza mwamuna wanga ndidachita chimene mkazi aliyense wa ku Linthipe akadachita. Ndidaphika mwaluso kuposa kale. Mazira okazinga ndi anyezi. Usipa wa anyezi ndi tomato. Mpiru womwe ndinkauyambira ndi anyezi m'mafuta. Ndinkati fungo lokoma likachuluka ligonjetsa loipalo. Iwo akangofika pabwalo ankagwira mphuno n'kubwerera.

Kwathu kuno mwini mowa asanapereke chipanda kwa alendo amayamba wamwako yekha onse akuona, ati kuchotsa ufiti. Ine ndidafika pochita zimenezo ndi mbale ya mwamuna wanga. Ndinkawatsatira pakhonde, kugwada, kutema mbamu, kusunsa m'ndiwo, kudya iwo akupenya, n'kudyetsakonso mwana wathu wamkazi kuti aone kuti sindingaphe mwana wanga. Mkazi wa ukwati wa m'tchalitchi, kuchotsa ufiti pa ndiwo zophika yekha. Ndinkameza mbamu imeneyo pamodzi ndi mkwiyo.

Chimene chidandithyola ndi tsiku limene ndidawapatsira madzi akumwa m'chikho. Adalandira, adafikitsa kukamwa, kenako adayang'ana dzanja langa n'kutembenuza nkhope.

"Ndi manja anu omwe," adatero motsitsa mawu. "Fungo lija lili m'manja mwanu."

Ndinkasenda anyezi tsiku ndi tsiku, nanga manja akadanunkha chiyani? Koma pa nthawiyo palibe adaganiza zimenezo, ine ndemwe ayi. Ndidapita kumtsinje kukadzikwecha ndi mchenga mpaka zikhatho kutuwa, ndikulira ndi ukali.

Ankhoswe adakumana masana ena pansi pa mtengo wa kachere. Kwathu kudabwera achimwene anga, kwawo amalume awo a amuna anga. Alamu adalankhula nthawi yaitali, kuyambira pa khadi. Pa khadipo adatsitsa mawu n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako adakwezanso atafika pa mphika wa nyama ya mbuzi. Achimwene adayesa kunena zimene asisitere adanena, koma adafunsidwa funso limodzi. Ngati ndi matenda, bwanji matendawo amasankha khomo? Bwanji kwa mlongo wake munthuyu amadya bwinobwino?

Ine ndinkayang'ana amuna anga. Ndinkati munthu uyu ndagona naye mphasa imodzi, ndamusambitsa ali chigonere kuchipatala, anena mawu amodzi. Amalume awo adawafunsa kuti anene okha. Adakanda pansi ndi kamtengo nthawi yaitali.

"Ine sindikunena kuti adandiika mankhwala," adatero. "Koma fungolo ndimalimva kwa iwo okha."

Chigamulo chidali chofewa pakamwa. Sadati banja latha, poti ukwati wa m'tchalitchi sautha choncho. Adati ndipite kwathu ndikapume kaye mpaka bambowa apeze bwino. Wakhanda ndimutenge poti akuyamwa. Mtsikana atsale, ndi mwana wa pamudzi pano, ng'ombe zidapita.

Ndidakalipa. Ndidanena mawu amene achimwene adachita kundigwira pakamwa. Koma ukali wa mkazi wobwera pamudzi pa eni ake uli ngati mvula yogwa pathanthwe. M'mawa mwake ndidamanga katundu wanga m'chitenje. Mtsikana wanga adali ndi zaka zinayi, ndipo ankayesa tikupita tonse, adakatenga ndi kachidole kake ka chitsononkho. Alamu adamunyamula n'kulowa naye m'nyumba mwawo. Kulira kwake ndidakumva mpaka nditawoloka mtsinje.

Ku Linthipe ndidabwerera pa ntchito ya mayi anga, kuphikira anthu a malole. Anthu ankadya ndiwo zanga n'kupempha zina, palibe adasanzapo. Ndidayesa kukamuona mwana. Ulendo woyamba adati wapita kumunda ndi azakhali ake. Ulendo wachiwiri ndidamuonera patali kutchalitchi, atametedwa mpala, atavala diresi limene sindidasoke ine, dzanja lake lili m'dzanja la alamu. Nditayandikira adamukokera pakati pa anthu. Usiku ndinkagona ndi kamnyamata kubere, maganizo ali kuphiri. Kodi amufunditsa, kuzizira kwa kumeneko? Kodi chifuwa chake chija chikayamba adziwa kuti amafuna madzi otentha? Khirisimasi idadutsa, chimanga chidacha, anthu adayamba kukolola.

Amuna anga ankabwera kumsika ndi mbatatesi, khadi latsopano lili m'thumba, koma mzere wathu wa zophikaphika ankauzungulira patali. Ndinkati ndi manyazi. Tsiku lina la msika ndidawaona akukankha njinga kuchokera kumsewu. Lole idatseka njira yawo ya masiku onse, ndiye adakakamizika kudzera pafupi ndi bambo wina wokazinga nyama pachiwaya, mlendo wochokera kutali amene ngakhale ine sindinkamudziwa. Bamboyo adali atangothira anyezi pachiwaya. Ndidaona amuna anga akuima, akusiya njinga kugwa ndi thumba lomwe, akuthamangira kungalande atagwira pakamwa.

Ndidaima ndi chipande m'manja. Mutu wanga udayenda mofulumira, kubwerera kukhitchini kwanga, kubedi la kudimba, kunyemba zowiritsa za alamu, kumanja anga. Ndidapereka mwana kwa mayi anga. Sindidatenge anyezi wathu, ayi, akadati ndamukonza. Ndidapita pamulu wa mayi wina wogulitsa, ndidatola mmodzi, ndidabwereka mpeni wake womwe, ndidakawapeza akupukuta pakamwa. Ndidamudula pakati n'kuwaika pamphuno. Adabwerera m'mbuyo ngati ndawaloza ndi moto.

"Ndi limeneli?"

Adagwira mphuno n'kuyang'ana kumbali.

"Ndikufunsa inu, bambo. Galu wakufa uja ndi ameneyu? Nanga bambo wachiwayayo ndi mkazi wanunso? Nayenso akukudyetsani khuzumule?"

Anthu adayamba kusonkhana. Iwo adandipempha ndi maso kuti tipite poduka mphepo, ndipo tidakaima kuseri kwa sitolo ina. Ine ndinkayembekeza kuona munthu wodabwa, amene wangozindikira kumene. Koma nkhope yawo sidali ya munthu wodabwa.

"Ndidadziwa pa Khirisimasi," adatero. "Kudabwera alendo, ndiye achemwali adapha nkhuku n'kukazinga ndi anyezi amene mudasiya kudimba. Fungo lake lidali lomwelo. Ndidathawira kukhola, ndidawauza kuti ndi malungo."

Pa Khirisimasi. Ndipo apa tidali titayamba kukolola.

"Ndiye mudangokhala chete?"

"Ndikadanena bwanji? Mlandu udali utatha, akuluakulu atagamula. Ndikadaimanso pamaso pa amalume n'kunena kuti tidathamangitsa munthu chifukwa cha anyezi? Anthu akadandiseka."

Ndakwiyapo m'moyo mwanga, koma tsiku limenelo ndidakwiya kuposa masiku onse. Miyezi yonse imene ine ndinkagona maso ali gwa kuganiza za mwana wanga, munthu uyu ankadziwa, ndipo chimene ankaopa ndi kusekedwa. Ufiti umene ndinkaufuna pansi pa mafuwa sudali kwa alamu kapena kwa mayi wamasiye uja. Ndidawauza chinthu chimodzi. Pamene adanenera kuti fungo amalimva kwa ine ndekha, pansi pa kachere pomwepo, pamaso pa anthu omwewo, akanenenso izi. Apo ayi, ndikanena ndine, pakhomo pa tchalitchi Misa itangotha.

Ankhoswe adakumananso. Ndidabwera ndi anyezi wogula pamsika ndi kabotolo ka mafuta, ndidapereka kwa amalume awo, ndipo ndidapempha kuti akazinge alamu, mumphika wawo, pamoto wawo, ine nditakhala patali manja ali pamiyendo. Alamu adakana poyamba, ati sindine wantchito wa munthu. Amalume adawalamula. Anyezi atangolira m'mafuta, amuna anga adadzuka n'kuthamangira kuseri kwa khola anthu onse akuona. Mkulu wina adaseka, ena n'kutsatira. Ine sindidaseke nawo.

Alamu sadapepese, ndipo mpaka imfa yawo sadapepesepo. Adangoti, "Nanga ife tikadadziwa bwanji? Utsi sufuka popanda moto." Amalume adati zatha, mayi abwerere pakhomo pake, tisazikumbenso. Kunena kuti zatha n'kosavuta kwa munthu amene sadasiyeko mwana.

Ndidabwerera tsiku lomwelo. Mtsikana wanga adali atatalika, ndipo atandiona sadathamange. Adaima pakhomo pa azakhali ake chala chili m'kamwa. Ndidati ndi manyazi a ana, zitha. Ndidamutenga, ndidamusambitsa, ndidamuphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, limene ankalikonda chiyambire. Ndidamuikira m'kambale kake, ndidamupatsa supuni. Adakhala akuliyang'ana, manja ali kumbuyo.

"Idya, mwanangu. Lazizira."

Adapukusa mutu.

"Sukumva njala?"

"Azakhali anati zakudya zanu zili ndi mankhwala," adatero. "Anati ndikadya ndifa mphuno ngati ababa."

Sindidalire pamaso pake. Ndidatenga supuni ija, ndidatapa phala, ndidadya iye akuona. Ndidatapanso kachiwiri. Adandiyang'ana kukamwa mpaka nditameza, adadikira pang'ono kuti aone ngati ndigwe, kenako adatambasula dzanja. Mawa lake zidali chimodzimodzi, ndi mkuja womwe. Ndidamuuza kuti azakhali adalakwitsa, bambo ake adamuuzanso, iye ankavomera ndi mutu, koma chakudya chikabwera ankadikira ndithu.

Mphuno ya amuna anga idapitiriza kudzuka pang'onopang'ono, monga adanenera asisitere aja. Galu wakufa adayamba kuchepa mphamvu. Tsiku lina adalowa m'nyumba akusangalala kuti amva fungo la dothi mvula yoyamba itagwa. Patapita zaka adayamba kupempha okha kuti ndiwakazingire mazira ndi anyezi. Ndinkawaphikira, sindine woipa mtima chotero, koma ndinkangoika mbale patebulo n'kutuluka. Tidakhala limodzi mpaka ukalamba, tidabereka ana ena, ndidawaika m'manda ndi ulemu wonse. Za Khirisimasi ija sindidawakhululukire, ndipo ankadziwa.

Tsiku lija mwana wanga ankandifotokozera za timbewu ta m'mphuno, titamaliza kusankhula mbatatesi ndidalowa kukaphika. Ndidakazinga nkhuku ndi anyezi wambiri, mmene amakondera. Tidakhala awiriwiri pamkeka, ndidamuthirira madzi, adasamba m'manja. Ankapitirizabe nkhani yake, kuti mwina m'tsogolo muno anthu ofa mphuno azidzawawokera timbewuto n'kuchira, kuti thupi la munthu limadziwa kudzikonza lokha. Ankalankhula, manja osamba ali pamaondo, mbale ili patsogolo pake. Ndi mayi wamkulu tsopano, wa imvi zake ndi ana akeake, ndipo kunyumba kwake kapena kwa anthu ena amangoyamba kudya ngati wina aliyense. Ndidachedwa dala, kukonzakonza chitenje, kusuntha mchere. Sadagwire kanthu, ndipo sankadziwa n'komwe kuti akudikira.

Ndidatema mbamu, ndidasunsa, ndidaika m'kamwa. Maso ake adatsika pakamwa panga mpaka nditameza. Kenako adatambasula dzanja n'kuyamba kudya.